Thanzi la Mwana Limayamba Asanabadwe

Tsiku la ubatizo wa makanda tchalitchi chimadzaza, amayi amalulutira, ndipo abale amalandirana mwana m'manja n'kumayamikira kulemera kwake. Ambiri amaganiza kuti ulendo wa mwanayo unayamba tsiku limene anabadwa. Komatu pofika tsikulo thupi lake limakhala litamangidwa kale kwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo zomangira zonse zinachokera kwa mayi ake: zimene ankadya, zimene ankamwa ndi mpweya umene ankapuma. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Phunziro la sabata ino likufotokoza mmene chakudya ndi malo amene mayi woyembekezera akukhala zimakhudzira mwana, ndi chifukwa chake udindo umenewu uli wa banja lonse.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndiko kuti afupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha, kumakhudzanso ubongo, ndipo mwana wotere amavutika kugwira zam'kalasi. Kwa ana ambiri vutoli limayambira m'mimba. N'chifukwa chake achipatala amatsindika masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwa masiku amenewa, pafupifupi 270 mwana amakhala asanabadwe.

Nsengwa si mpanda

Mwana wosabadwa amalandira chakudya ndi mpweya kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Kale ngakhale madokotala ankakhulupirira kuti nsengwa imasefa zoipa zonse, koma zimene zinachitika m'maiko awiri akutali zinasintha maganizo amenewo.

Ku Minamata, m'dziko la Japan, fakitale ina inkatayira m'nyanja madzi okhala ndi mercury, ndipo poizoniyo ankalowa mu nsomba zimene asodzi ndi mabanja awo ankadya. Matenda ake anadziwika mu 1956. Chodabwitsa chinali chakuti amayi ena amene sankaoneka odwala kwenikweni anabereka ana olumala ubongo, osatha kuyenda kapena kulankhula bwino. Poizoni amene sanagwetse mayi anaononga mwana.

Ku Netherlands, kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, chakudya chinasowa kwambiri kumadzulo kwa dzikolo. Njalayo inatha patangopita miyezi yochepa, ndipo ana amene anali m'mimba pa nthawiyo anakula akudya mokwanira. Koma ofufuza a ku Amsterdam atawayeza ali ndi zaka pafupifupi 50, anapeza kuti matupi awo ankavutika kwambiri ndi shuga kusiyana ndi anzawo obadwa njala isanafike. Amene njala inawapeza m'miyezi yoyambirira ya pathupi ankadwalanso kwambiri matenda a mtima, ngakhale ambiri anabadwa ndi sikelo yabwino. Dokotala wa ku England, David Barker, anafotokoza kuti mwana akaperewera chakudya m'mimba, ziwalo monga mtima ndi impso zimakula moperewera, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera atakula.

Kuno kwathu phunziroli likukhudza makamaka mayi amene pathupi pake pagwera mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, iye akupalira ndi kubandira m'munda tsiku lonse.

Mbale ya mayi woyembekezera

Kukhuta nsima si kudya mokwanira. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Mayi woyembekezera amafunika kudya kuchokera ku magulu onsewa tsiku lililonse, ndiponso kuonjezera chakudya kamodzi pamwamba pa chimene amadya nthawi zonse. Izi sizifuna zakudya za m'sitolo. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, nsima ya usipa ndi nkhwani wotendera masana, nandolo kapena khobwe madzulo, ndi papaya, bwemba kapena gwafa pakati pa tsiku, zakwanira kale. Mgaiwa uli ndi zofunika m'thupi zambiri kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga sizinachotsedwe. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe amathandiza kumanga mafupa a mwana.

Pali zikhulupiriro zina zimene zimamana mayi chakudya chabwino. M'madera ambiri amati wapakati akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Zimenezi si zoona: dzira lophika bwino ndi chimodzi mwa zakudya zomanga thupi zosavuta kupeza pakhomo. Ena amauza mayi kuti azidya pang'ono kuti mwana asakule, achire mosavuta. Koma mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 ndiye amavutika kusunga kutentha m'thupi, amagwidwa msanga ndi matenda, ndipo moyo wake umakhala pachiswe m'mwezi woyamba.

Zinthu zitatu zazing'ono

Choyamba ndi foliki asidi. Ubongo ndi msana wa mwana zimayamba ngati kampopi kamene kamatsekeka pofika masiku 28 mayi ataima, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti ali ndi pathupi. Kampopiko kakalephera kutsekeka, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, ndipo kawirikawiri miyendo imakhala yofooka ndi mutu wodzaza madzi. Foliki asidi amachepetsa kwambiri ngozi imeneyi. Amapezeka m'masamba obiriwira monga bonongwe ndi mpiru, mu nyemba ndi mtedza. Choncho mtsikana amene akukonzekera ukwati ayenera kuyamba kudya bwino asanaime.

Chachiwiri ndi ayironi. Magazi a mayi woyembekezera amachuluka kuti akwanire anthu awiri, ndipo ayironi akaperewera mayi amachepa magazi, amatopa msanga, ndipo kutaya magazi pochira kumakhala koopsa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa tsiku lililonse mapiritsi okhala ndi ayironi ndi foliki asidi. Awa ndi mapiritsi a magazi amene amaperekedwa kusikelo. Ena amawasiya chifukwa cha mseru kapena chimbudzi chakuda, koma zimenezi si zoopsa, ndipo kuwamwa atadya kumachepetsa mseruwo. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi, pamene zipatso monga malambe, magwafa ndi malalanje zimathandiza.

Chachitatu ndi ayodini, amene ubongo wa mwana sungakule bwino popanda iye. Akasowa, mayi angatupe chithokomiro ndipo mwana angabadwe wogona nzeru. Mchere wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini ndiwo woyenera kugula, ndipo usungidwe m'chotengera chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi.

Zoopsa zopezeka pakhomo

Utsi wa nkhuni ndi makala uli ndi mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, ndipo mwana wa m'mimba ndiye amaperewedwa. Amayi amene amakhalitsa mu utsi amabereka kawirikawiri ana ochepa thupi. Kuphikira panja kapena m'khitchini ya mawindo, nkhuni zouma bwino ndi chitetezo mbaula zimachepetsa utsi. Kukolezera moto ndi majumbo kumaonjezera poizoni, ndipo mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire chotani mu Juni.

Chuku cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saphwanyika ndi kuphika kapena kukazinga. Amadutsa mu nsengwa, ndipo kafukufuku wa ku Gambia anapeza kuti makanda a amayi amene anali ndi poizoniyu wambiri m'magazi ankakula pang'onopang'ono m'chaka choyamba. Vuto ndi lakuti mabanja ambiri amagulitsa mtedza wabwino n'kusinja wofota ndi wowola kuti ukhale nsinjiro za pakhomo. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, kuyanika chimanga pa dothi ndi kusunga matumba pansi ponyowa zimachulukitsa chuku. Mbewu za chuku zitayidwe.

Mowa umene mayi wamwa umafika kwa mwana, ndipo chiwindi chake sichinakhwime kuti chiuchotse. Mwana angabadwe wochepa thupi ndi ubongo woonongeka kwa moyo wake wonse. Palibe muyeso wa mowa umene ukudziwika kuti ndi wabwino kwa wapakati, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo. Thobwa limene lagonera mpaka kusasa nalonso layamba kusanduka mowa.

Fodya amaononga ngakhale wosutayo akhale bambo, malinga utsi ukufika kwa mayi. M'madera olima fodya, chikonga cha m'masamba aawisi onyowa chimalowa kudzera pakhungu, choncho wapakati asathyole kapena kusoka fodya. Asapoperenso mankhwala m'munda, asathire mankhwala m'chimanga chosunga, ndipo asachape zovala zopoperera. Mabotolo a mankhwalawa asasungiremo madzi, mchere kapena mafuta.

Amayi ena amalakalaka dothi. Kawirikawiri chimenechi ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi, ndipo ndi bwino kuuza anamwino. Dothi lingakhale ndi mazira a njoka za m'mimba kapena mtovu, umene umafooketsa nzeru za mwana. Mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mercury, poizoni yemwe uja wa ku Minamata. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa kuchira, monga mwanamphepo, angachititse chiberekero kukokana mwamphamvu mpaka kung'ambika.

Malungo nawonso amabisala mu nsengwa ngakhale mayi asakumva kudwala, n'kumachepetsa chakudya chopita kwa mwana. Kugona m'masikito usiku uliwonse ndi kumwa Fansidar amene amaperekedwa kusikelo, katatu kapena kuposerapo, kumateteza onse awiri.

Udindo wa bambo, banja ndi mphakati

Buku la Oweruza, mutu 13, limasimba za mkazi wa Manowa amene mngelo anamuuza kuti adzabala mwana, Samisoni, ndipo anamuchenjeza kuti asamale zimene akudya ndi kumwa. Manowa atamva zimenezi sanati ndi nkhani ya amayi. Anapemphera kuti mthengayo abwerenso adzawaphunzitse onse awiri za mwanayo, ndipo malangizowo anabwerezedwa pamaso pake.

Zambiri zimene zatchulidwa pamwambazi mayi sangazikwanitse yekha. Bambo ndiye kawirikawiri amasankha mbewu zogulitsa ndi zosunga, ndiye amagwira ndalama, ndipo m'makomo ambiri ndiye amapatsidwa ndiwo zabwino poyamba. Bambo amene amasiya mtedza ndi nyemba zabwino pakhomo, kutsegula windo la khitchini, kusutira kutali, kutunga madzi ndi kuperekeza mkazi wake kusikelo, wayamba kale kulera mwana wake. Apongozi ndi anamkungwi, amene mawu awo amamveka kwambiri kwa mtsikana wa pathupi poyamba, ali ndi mwayi waukulu wothandiza akamalangiza zogwirizana ndi za kuchipatala.

Mwambo wobisa pathupi mpaka patayamba kuonekera umachedwetsa amayi ambiri. WHO imalangiza kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndi kuonana ndi achipatala kasanu ndi katatu mayi asanachire. Kuuza namwino si kulengeza kumudzi. Mayi amene akutaya magazi, akumva mutu kwambiri, watupa nkhope ndi manja, watentha thupi, kapena waona kuti mwana wasiya kugunda, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Pomaliza, phunziroli lisakhale ndodo yokwapulira makolo amene ana awo anabadwa ndi ulumali kapena ochepa thupi. Pali zilema zambiri zimene zimabwera popanda wina kulakwitsa, ndipo amayi ambiri amadya moperewera chifukwa cha umphawi. Mabanja otere akufunika kuyenderedwa ndi kuthandizidwa, ndipo mwana wobadwa wochepa angathe kukula bwino akayamwa bere lokha miyezi isanu ndi umodzi ndi kupita kusikelo mokhulupirika.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi ndi zakudya ziti zimene amayi oyembekezera amaletsedwa m'dera lino, ndipo zifukwa zake n'zotani?
2. Ndi ntchito ziti zapakhomo ndi zakumunda zimene abambo ndi achinyamata angalandire wapakati?
3. Kodi alangizi a mabanja angaikemo chiyani pa nkhaniyi pophunzitsa okonzekera ukwati?
4. Mphakati ungasunge chiyani pa nthawi yokolola kuti udzathandize amayi oyembekezera osowa mu Januwale ndi Febuluwale?