Phunziro 14: Mfundo zoyenda, mfundo zolimba

Taonani gudumu la njinga. Likamangidwa kwambiri, silizungulira. Likakhwefuka, limagwedera ndipo wokwera amagwa. Mfundo za thupi lathu zili cimodzimodzi. Ziyenera kuyenda momasuka, komanso ziyenera kugwirika zolimba.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Pamene mafupa akumana timati mfundo. Mitsempha yolimba imamanga mafupawo, ndipo minofu imawakoka kuti ayende.

Mfundo sizifanana. Phewa ndi ciuno zimazungulira mbali zonse. Ndiye cifukwa cake timatha kulima, kuponya mwala ndi kuvina. Bondo limapinda ndi kuwongoka, koma silifuna kupotozedwa. Minofu ya m'ciuno ikafooka, bondo limagwera mkati tikamadumpha, ndipo likhoza kuvulala.

Mabwalo athu a mpira kuno ku Chifunde ndi a dothi. Ena ali ndi maenje ndi zitsa. Phazi likaponda padzenje, kakolo amabinya. Mwana amene wabinya kamodzi sacedwa kubinyanso ngati sanalimbitse kakoloyo. Ena amafika posiyiratu mpira.

Tikumbukire Maria de Lurdes Mutola. Iye anabadwira ku Maputo mu 1972. Anayamba ndi kumenya mpira pamodzi ndi anyamata, kenaka anayamba kuthamanga. Mu 2000, ku Sydney, anapambana mendulo ya golide pa mamita 800, yoyamba ya dziko lathu pa Masewera a Olimpiki. Anapikisana pa masewerawa kasanu ndi kamodzi, kuyambira 1988 mpaka 2008. Zaka 20 zothamanga zimafuna mawondo ndi akakolo osamalidwa bwino.

Kusamala kumayamba masewera asanayambe. Mu 2006, bungwe la mpira la FIFA linakonza masewera otenthetsa thupi a mphindi 20, dzina lake 11+. Atawayesa pa atsikana osewera mpira ku Norway, kuvulala kunacepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ifenso tingathe kutenthetsa thupi popanda kugula kanthu.

Tiyeni tituluke panja

1. Thamangani pang'onopang'ono kuzungulira bwalo kawiri.
2. Zunguzani mapewa, ciuno ndi akakolo, kakhumi mbali iliyonse.
3. Njutani ngati mukukhala pampando, kenaka imirirani. Citani kakhumi. Mawondo aloze kumene zala za kumapazi zaloza.
4. Imani ndi mwendo umodzi, muwerenge mpaka 30. Sinthani mwendo.
5. Mukadali pamwendo umodzi, ponyeranani mpira ndi mnzanu.
6. Dumphani pang'ono. Potera, pindani mawondo ndipo mutere mwakacetecete ngati mphaka.

Mnzanu akabinya

Aleke kusewera nthawi yomweyo. Muikeni nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pamene patupa. Mangani ndi nsalu, koma osathinitsa. Mwendo ukhale pamwamba. Musamukoke phazi ndipo musamuthowe ndi madzi otentha masiku awiri oyamba. Uzani aphunzitsi. Ngati sangathe kuponda kanayi ndi mwendowo, apite naye kucipatala, cifukwa mwina fupa lathyoka. Kutupa kukatha, ayambe kuima ndi mwendo umodzi tsiku lililonse asanabwerere kumpira.

Mafunso

1. Kodi mfundo n'ciyani?
2. Kodi bondo limasiyana bwanji ndi phewa?
3. N'cifukwa ciyani mwana amene wabinya kamodzi amabinyanso?
4. Kodi Lurdes Mutola anapambana golide caka citi?
5. Kodi mungacite ciyani mnzanu akabinya kakolo?

Nchito

Jambulani munthu m'kope lanu ndipo mulembe maina a mfundo zinayi. Loweruka, inu ndi anzanu mukwirire maenje ndi kuzula zitsa pabwalo la sukulu.