NAMONDWE NDI ANTHU OLONDOLA NJIRA YACE

Mwana ali yense wa ku Dowa ndi ku Ntchisi adziwa kamvulumvulu, amene anyamula pfumbi ndi masamba ouma m'minda m'mwezi wa October. Kamvulumvulu sakhalitsa, kanthawi pang'ono wapita. Koma kuli mphepo yina yozungulira cimodzimodzi, imene m'mimba mwace mukwana makilomita mazana ambiri, ndipo ikhala masiku ambiri isanathe. Dzina lace ndi namondwe.

Namondwe wotere sabadwira kumtunda, kapena pa Nyanja ya Malawi ai. Abadwira pa nyanja yaikuru yamcere ya India, imene iri kum'mawa kwa Mozambique. Dzuwa likafunditsa madzi a nyanjayo kufikira madigiri 26 kapena kuposa, nthunzi ikwera kumwamba monga icita pa mphika wowira, nisanduka mitambo. Mpweya wa m'mbali uthamangira kudzalowa pamalo pamene winawo wacoka. Ndipo popeza dziko lapansi lizungulira, mpweyawo suyenda molunjika, koma uzweta monga iyenda mivi ya koloko. Pakati peni peni pa namondwe wamkuru pali malo abata amene amati diso, koma m'mphepete mwa disolo ndimo muli mphepo yoopsa koposa. Nyengo ya anamondwe pa nyanjayi iwerengedwa kuyambira 15 November kufikira 30 April, ndiyo nthawi yomwe cimanga ndi fodya ziri m'munda.

Mphepo ya m'kati mwa namondwe wamkuru ithamanga makilomita 118 pa ola kapena kuposa, kupambana galimoto la pa msewu wa ku Mponela. Koma namondwe mwini wace pa ulendo wace safulumira; kawiri kawiri ayenda monga munthu wopalasa njinga. Cifukwa ca ici anthu akhoza kumlondola, monga mlenje alondola mapazi a nyama, nadziwa kumene alinkupita.

Alonda a nchito imeneyi akhala pa cisumbu ca La Réunion, kum'mawa kwa Madagascar. Maso ao ndiwo makina ozungulira dziko kumwamba kutali, amene amati setilaiti. Makinawa ajambula mitambo usana ndi usiku, natumiza zithunzi pansi. Zombo, ndi zoyesera zoyandama pa madzi, ziwauza za kulemera kwa mpweya, pakuti mpweya ukapepuka kwambiri ndiye kuti namondwe alinkukula. Pakapita maola 6 alondawo alemba kadontho pa mapu pamene pali namondwe. Timadonthoto tikalumikizidwa tionetsa njira imene wadzera, ndipo makompyuta awerengera kumene adzafika mawa ndi mkuja. Koma njira ya m'tsogoloyo sailemba ngati mzere umodzi. Ailemba yonka nitambasuka, cifukwa namondwe akhoza kukhota, kuima, ngakhale kubwerera.

Mphepo yace ikafika makilomita 63 pa ola, namondwe apatsidwa dzina, kuti anthu asamsokoneze ndi wina. Mainawo asankhidwiratu ndi maiko a cigawo cino, natsatana monga zitsatana zilembo A, B, C. Idai wa 2019 ndi Chido wa 2024 anali maina ocokera ku Zimbabwe. Mau a alonda a ku La Réunion afika ku nthambi ya boma yoona za nyengo ku Blantyre, ndipo iyo icenjeza anthu pa wailesi ndi pa lamya, ndiponso mwa mabwanamkubwa, mafumu ndi aphunzitsi.

Kale sikunali kotero. M'mwezi wa December 1946 mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba. Mitsinje inasefukira, nikokolola milatho ndi nyumba, ndipo anthu anafa. Anthu anati wadutsa Napolo, cinjoka cokhala pansi pa phiri. Masiku amenewo kunalibe setilaiti, pakuti yoyamba yoona za nyengo inakwezedwa kumwamba mu 1960.

Koma Freddy wa 2023 anamuona ulendo wace wonse. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February, naoloka nyanja yonse ya India. Pa 21 February anagunda Madagascar, ndi pa 24 February analowa mu Mozambique kufupi ndi Vilankulo. Kumtunda namondwe afoka, pakuti asowa madzi ofunda amene ali cakudya cace. Cotero ambiri anayesa kuti watha. Koma iye anabwerera kunyanja, nalimbanso, ndipo pa 11 March anatulukira ku Quelimane, makilomita ngati 300 kucokera ku Blantyre. Mphepo yace inacepa, koma mvula yace inagwa masiku angapo kosaleka. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nizikwirira nyumba za ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu kunaonongeka midzi. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'Malawi. Freddy anakhala masiku 36, ndipo sanalembedwepo namondwe wina wokhalitsa cotero. Cenjezo linaperekedwa, koma ena silinawafike, ena sanalisamale, ndi ena anasowa kothawira.

Dowa ali kutali ndi nyanja yamcere, koma anthu ace asati, Izi nza kumwera. Mu December 2024 Chido analowera kumpoto kwa Mozambique, ndipo mphepo ndi mvula yace zinafika ku Salima, ku Kasungu ndi ku Lilongwe, maboma ocita malire ndi Dowa. Ndiponso dziko la Dowa ndi Ntchisi nlamapiri. Pamene mitengo yatha, nthaka yokhuta madzi igumuka msanga, ndipo mitsinje monga Lingadzi ndi Bua ikhoza kudzala ngakhale pamudzi pasanagwe mvula yambiri, cifukwa madzi ace acokera kumtunda.

Cotero mwana wa sukulu ali nayo nchito. Akamva pa wailesi kumene kuli namondwe, apeze malowo pa mapu, alembe kadontho ndi tsiku lace. M'mawa mwace acite cimodzimodzi. Akaona kuti timadontho tiyandikira gombe la Mozambique, auze akuru kwao, makamaka agogo osamva bwino wailesi. Pamenepo a m'banja alimbitse denga, akweze ufa ndi mbeu pamalo ouma, acotse ziweto kudambo. Ndipo okhala m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje asamukire kumene mfumu yanena, kusanade. Munthu asaoloke mtsinje wodzala, ngakhale pa dooko limene alidziwa bwino, ndipo asabwerere kunyumba kufikira a zanyengo atanena kuti namondwe wapita.

MAFUNSO

1. Namondwe abadwira kuti, ndipo cakudya cace nciani?
2. Cifukwa ninji anthu akhoza kumlondola, cinkana mphepo yace ithamanga kwambiri?
3. Pezani pa mapu La Réunion, Madagascar, Quelimane ndi Dowa.
4. Freddy anacita ciani atalowa mu Mozambique nthawi yoyamba?
5. Ndi malo ati a m'mudzi mwanu amene ali oopsa pa mvula yaikuru, ndipo anthu akhoza kuthawira kuti?