Azakhali, kodi uphunzitsi si wanga?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26, kwathu ndi ku Dedza. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Wovwe, m'boma la Karonga, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri. Ndimaphunzitsa Sitandade 2, ana oposa 100. Teremu yatha kunabwera a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lino. Atatsegula zikonzero zanga anapeza kuti pagawo la ndemanga ndimalemba mawu amodzimodzi tsiku ndi tsiku, akuti "phunziro layenda bwino". Anandifunsa kuti ngati likuyenda bwino, bwanji ana ambiri sakutha kuwerenga? Manyazi anandigwira. Anandilangiza kuti ndikhale ndi kope lodziunikiramo. Ndinagula, koma usiku uliwonse ndimangolembamo zolephera zanga mpaka kulira. Ana kuno amayankhula Chitumbuka, ena Chinkhonde, ine sindimva bwino. Aphunzitsi anzanga amandiseka kuti ndidakali ndi moto wa kukoleji, uzima wokha. Chibwenzi changa chikuti ndisiye ntchito tiyambe geni ya mpunga. Kodi uphunzitsi si wanga?

Wosweka mtima, Wovwe

Mwananga,

Yamba wapukuta misozi. Funso la a PEA linakubaya, koma linali funso loyenera, ndipo kope unagulalo usalitaye. Chalakwika ndi zomwe ukulembamo. Kale unkalemba kuti "layenda bwino", lero ukulemba kuti "ndalephera". Mawu awiriwa ali ndi nthenda imodzi: onse akunena za iwe, mwana mulibemo, ndipo sangakuuze chochita mawa belu likalira.

Taona alimi a mpunga kusikimu ya Wovwe komweko. Mlimi akafika pamunda m'mawa sayima n'kumadzifunsa ngati ali mlimi wabwino. Amayang'ana ngati madzi afika kungodya zonse, ndi pomwe akuthawira, n'kutseka pomwepo. Kope lako lizigwira ntchito yotere.

Mawa ukaphunzitsa maphatikizo usakhutire ndi yankho la gulu. Ana 100 akamafuula limodzi kuti ba, be, bi, bo, bu, kalasi imadzaza ndi mawu ndipo mtima wa mphunzitsi umakhala pansi, chonsecho ambiri akungobwereza zoloweza. Itana ana asanu mmodzimmodzi, makamaka a kukhoma lakumbuyo, uwalozere phatikizo mosatsata ndondomeko, mwina kuyambira pa "bo". Uona wina akuyang'ana pakamwa pako m'malo moyang'ana pabolodi. Wina anena "ba" chifukwa ndi pomwe anazolowera kuyambira. Wina awerenga bwinobwino koma monong'ona, poopa kusekedwa. Ana atatuwa mavuto awo ndi osiyana, ndipo mawu oti "ndalephera" amawabisa onse. Ulembe zomwe waona ndi maso, dzina la mwana ndi zomwe wanena. Pansi pake ulembe chomwe ukuganiza kuti chachititsa, kenako chinthu chimodzi chokha chomwe usinthe mawa, monga kulemba maphatikizo patimapepala ta katoni n'kumatisakaniza. Mizere inayi yakwana.

Uzilemba masana ana akangoweruka, choko chidakali m'manja. Usiku munthu wotopa, amene ali yekha kutali ndi kwawo, amadziweruza mopanda chifundo. Lachisanu uziwerenga masamba a sabata yonse, poti zomwe zimabisala m'tsiku limodzi zimaonekera m'masiku asanu, monga kuti phunziro limavuta ukaliyika dzuwa la ku Karonga litakwera.

Katswiri wina wa ku America, Donald Schön, m'buku lake la mu 1983, anasiyanitsa kulingalira uli mkati mwa ntchito ndi kulingalira utaimaliza. Koyambako umachita kale: ukaona nkhope za ana zangoti kakasi, umasintha chitsanzo pomwepo. Zimenezonso uzilemba, chifukwa zomwe zayenda zili ndi chokuphunzitsa, ndipo kope lopanda tsiku labwino ndi limodzi lomwe likunama mofanana ndi zikonzero zako zakale.

Pali zinanso zomwe si mlandu wako. Kuchokera mu 1994, pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi ndi aphunzitsi sanakwanepo. Boma lenilenilo limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60. Patula tsamba lakelake la zinthu zoposa mphamvu zako: kuchepa kwa mabuku, kuchulukana m'kalasi, ana ojomba nthawi yowokera mpunga kapena yopirikitsa mbalame. Tsamba limenelo n'lopita nalo kwa a hedi, kukomiti ya sukulu ndi kugulu la amayi, uli ndi mayina ndi masiku m'manja. Silogona nalo pamtima.

Nkhani ya chiyankhulo ndiyo ndikufuna uyigwire ndi manja awiri. Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 imafuna ana awerenge Chichewa ndi Chingerezi, koma ana ambiri a kwanuko Chichewa amakumana nacho kwenikweni pasukulu. Mwana angathe kutchula mawu molondola asakudziwa chomwe akutanthauza. Ndiye podziunika uzidzifunsa kuti mwanayu chamuvuta ndi chilembo kapena tanthauzo? Kumapeto kwa kope uzilembako mawu a Chitumbuka ndi Chinkhonde omwe ana akuphunzitsa. Mwana amene wawongolera madamu katchulidwe sachitanso mantha kulakwitsa pamaso pawo. Ndikuona kuti mphunzitsi amene wakhala zaka pamalo osaphunzira ngakhale moni wa eni dera amadzitsekera yekha khomo, kwa ana ndi kwa makolo omwe.

Anzako okusekawo usawade. Ena atopa, n'zoona, koma pakati pawo pali mayi kapena bambo amene wakhala zaka 20 akukhazika chete ana 100 popanda ndodo. Mutu umodzi susenza denga. Sankha mmodzi, makamaka wobadwira konko, umufunse funso laling'ono: "Madamu, inu mumatani ana akamasokoneza b ndi d?" Munthu wofunsidwa mwaulemu kawirikawiri amamasuka. Mukazolowerana umupemphe adzakhale kumbuyo kwa kalasi yako, iwenso ukakhale kwake. Ku Japan aphunzitsi akhala akuchita izi kwa zaka zambiri: amakonza phunziro limodzi, wina n'kuphunzitsa ena akuonerera ana, kenako n'kukambirana. Anzathu a ku Zambia anayamba njirayi mu 2005. Sizilira ndalama, ndipo mungathe kuzikambanso mukakumana ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a m'dera lanu.

Za bwenzi lakolo, geni ya mpunga wa Kilombero si yonyozeka, ndipo mwina akunena chifukwa chomva chisoni pokuona ukulira. Koma ntchito sasiya chifukwa cha manyazi a tsiku limodzi. Umuuze kuti akupatse materemu awiri, ndipo ngati pamenepo mtima udzakhale utachokadi m'kalasi, mudzakambirane uli wodekha. Ngati kulira ndi kusowa tulo zipitirira ngakhale wasintha kalembedwe, pita kuchipatala ukafotokoze, usazibise.

A PEA akadzabweranso usadikire kuti akufunse. Uwatsegulire wekha kopelo, uwaonetse mayina a ana asanu aja ndi zomwe wayesa pa aliyense, ndipo uwapemphe kuti nthawi ya phunziro akakhale pafupi ndi anawo, kenako akuuze zomwe aona.

Azakhali