Mawu Achingerezi Onena za Munthu Woopa Mulungu

Pamaliro, paukwati ndi m'matchalitchi ambiri a m'tauni, wina amalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Mukatchera khutu mumamva mawu ngati godly, religious, holy, devout, pious ndi righteous. Womasulira akapanikizika, onsewa amangoti "munthu wopemphera". Koma eni chilankhulocho sawamva chimodzimodzi. Ena ndi oyamikira, ena amangofotokoza chabe, ndipo alipo ena amene angakudanitseni ndi mnzanu mukawagwiritsa ntchito mosasamala.

Mawuwa anachuluka chonchi chifukwa cha mbiri ya dziko la England. God, holy ndi right ndi mawu akale a eni dzikolo. M'chaka cha 1066 anthu a ku Normandy, olankhula Chifalansa, anagonjetsa England. Kwa zaka zambiri olamulira ankalankhula Chifalansa, pomwe mapemphero a mumpingo ankachitika m'Chilatini. Kuchokera m'zilankhulo ziwirizi, m'Chingerezi munalowa mawu oti religious, devout, sacred ndi saint, kenako pious. Mawu akale aja sanafe. Onse anakhalira limodzi, aliwonse n'kupeza ntchito yakeyake.

Tiyambe ndi godly. Yang'anani zilembo zitatu zoyamba: God, ndiye kuti Mulungu. Munthu amene akutchedwa godly ndi amene khalidwe lake likuonetsa kuti amamvera Mulungu, kaya ali kumunda, kumsika kapena m'nyumba mwake usiku anthu onse atagona. Mukawonjezera ness kumapeto, mumapeza godliness, lomwe ndi dzina la khalidwelo. Ife timachita zomwezo kumayambiriro a mawu: wabwino, ubwino, waulesi, ulesi. Godliness mungawapeze m'Baibulo la Chingerezi la King James la m'chaka cha 1611, makamaka m'makalata a Paulo kwa Timoteyo ndi Tito, komanso m'kalata yachiwiri ya Petro. Masiku ano mawuwa amamveka kwambiri pakati pa Akhristu, pamsewu samveka kawirikawiri.

Chenjerani ndi godlike. Amafanana ndi godly pakalembedwe, koma amanena za munthu wooneka ngati mulungu chifukwa cha mphamvu kapena kukongola. Sanena za kumvera Mulungu. Komanso mukamva wina akudandaula za ungodly hour, sakunena za tchimo ayi. Akuti mwamudzutsa pakati pa usiku kapena tambala asanalire.

Religious ndi mawu amene amasokoneza anthu ambiri, ndiye tichedwepo pang'ono. Amanena za munthu wosunga miyambo ya chipembedzo chake: safuna kujomba kutchalitchi kapena kumzikiti, amasala kudya panthawi yake, amapereka chopereka. Zonsezi ndi zooneka ndi maso. Za mumtima mawuwa sanena kanthu. Mayi angakhale woyamba kufika kumsonkhano wa Mvano Lachinayi lililonse, koma kunyumba akumana chakudya mwana wamasiye amene akumulera. Mzungu angamutche religious, ndipo sananame. Godly sangamutche. Mawuwa anatulukanso m'tchalitchi: dokotala akanena kuti muzimwa mankhwala religiously, akuti muzimwa osaphonya ngakhale tsiku limodzi.

Chisokonezochi chili ndi muzu wake kwathu kuno. Pamene Baibulo la Chingerezi likuti godliness m'makalata a Timoteyo, Buku Lopatulika limati chipembedzo. Lero ambiri tikati chipembedzo timaganiza za gulu limene munthu ali, Chikhristu kapena Chisilamu. Mukamawerenga ndime zimenezo, muzikumbukira kuti nkhani yake ndi ya moyo wopembedza Mulungu moona, osati dzina la mpingo.

Holy ndi mawu olemera kuposa onsewa. Poyambirira amanena za Mulungu mwini, kenako za chilichonse chimene chapatulidwira Iye. M'Chichewa tili ndi njira ziwiri zonenera zimenezi, ndipo zonse zili pachikuto cha Baibulo. La m'chaka cha 1922 limatchedwa Buku Lopatulika, la m'chaka cha 1998 ndi Buku Loyera. Kupatulika ndi kuikidwa padera. Kuyera ndi kusakhala ndi banga. Holy amanyamula zonse ziwiri. N'chifukwa chake Holy Spirit ndi Mzimu Woyera, ndipo Asilamu polankhula Chingerezi amati Holy Quran, mwezi wa Ramadan n'kuutcha holy month. Holide imene ana amatsekera sukulu inachokeranso pamenepa: kale holy day linali tsiku lopatulika limene anthu sankagwira ntchito.

Sacred ndi m'bale wake wa holy, koma amakonda kunena za malo ndi zinthu zimene anthu amaziopa ndi kuzilemekeza. Nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, mabuku a Chingerezi amaitcha sacred. Mnansi wanu wopemphera simungamutche choncho.

Devout ndi mawu abwino, opanda msampha. Amanena za munthu wodzipereka ndi mtima wonse pa chikhulupiriro chake, ndipo amakonda kutsagana ndi dzina la chipembedzo: devout Catholic, devout Muslim. Ngati mukufuna kuyamikira agogo anu m'kalata kapena pa pulogalamu ya maliro, awa ndi amene mungasankhe mtima uli m'malo.

Msampha uli pa pious. Kale anali mawu aulemu ndithu, ndipo m'mabuku akale adakali choncho. Koma lero, pocheza, nthawi zambiri amanena za munthu wodzionetsera, wopemphera mokweza kuti anthu amuone, amene ife timati ndi wachiphamaso. Mukauza abusa kuti ndi pious, angadabwe kuti mukuwayamikira kapena mukuwanyoza. Ine ndingakulangizeni kuti mawu amenewa muziwazindikira powerenga, koma musamatchule nawo munthu pamaso pake.

Righteous ndi wolungama. Tsinde lake ndi right, chinthu choyenera. Amayang'ana mmene munthu amachitira ndi anzake: sikelo yake pamsika ndi yoona, sasuntha malire a munda wa mnzake, salandira ziphuphu. Koma patsogolo pake pakakhala self, nkhani yatembenuka. Self-righteous ndi munthu wodziyesa wolungama, wonyoza ena onse.

Palinso God-fearing, amene mumawaona kawirikawiri m'zidziwitso za ntchito ndi m'makalata ochitira munthu umboni. Awa savuta, chifukwa amakumana ndendende ndi mawu athu oti woopa Mulungu.

Tsopano, ngati muli m'kalasi, tengani kope ndi pensulo. Lembani godly, religious, devout ndi righteous, lililonse pamzere wake, mphunzitsi akuthandizeni katchulidwe. Kenako khalani awiriawiri. Ganizirani za wogulitsa chimanga amene sapita kutchalitchi kapena kumzikiti, koma sanaberepo munthu pamuyeso. Ndi mawu ati mwa anayiwa amene akumuyenera, ndipo ndi ati amene sakumuyenera? Mukagwirizana, mufotokozere gulu lonse chifukwa chake.