Kodi mayi amene anatseketsa angaimenso?

Amayi anzanga, yankho ndi lakuti inde, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri. Ndili namwino ndinalandirapo mayi wina atakomoka, m'mimba mwake mutadzaza magazi. Anakhala masiku atatu pakhomo akumwa panado, chifukwa iye ndi bambo a kunyumba kwake ankati mimba siyingatheke, "paja tinatseketsa".

Potseka, dokotala amamanga ndi kudula machubu awiri amene dzira limadutsamo popita m'chiberekero. Njirayi ndi yodalirika kwambiri, ndipo sindikukuopsezani. Pa amayi 200 otseketsa, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amaima m'chaka choyamba. Kafukufuku wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1996, anatsatira amayi oposa 10,000 ndipo anapeza kuti pa zaka 10, amayi 18 kapena 19 pa 1,000 aliwonse anaima. Amene anatseketsa akadali achitsikana ndiwo anali pa chiopsezo chokulirapo.

Zimatheka bwanji? Nthawi zina mayi amapita ku opaleshoni ali kale ndi mimba ya masiku ochepa yosadziwika. Nthawi zina chubu sichinatsekedwe bwino. Koma nthawi zinanso thupi lokha, pochira, limalumikiza nsonga zodulidwa zija kapena kutsegula kanjira kakang'ono, ngakhale patapita zaka zambiri. Si ufiti, ndipo mayiyo sananame kuti anatseketsa.

Apa ndiye mumvetsetse. Kanjira kameneka kamakhala kopapatiza. Mbewu ya bambo imatha kudutsa, koma dzira likayamba kukula limakanirira m'chubu momwemo. Pa kafukufuku uja, mimba imodzi pa zitatu zotere inakhala kunja kwa chiberekero. Mimba ya m'chubu siyingakule mpaka kubadwa mwana. Chubu chikaphulika, mayi amataya magazi m'kati, osaoneka, ndipo atha kumwalira tsiku lomwelo.

Choncho ngati munatseketsa koma mwadumphitsa msambo, kayezetseni mimba. Ambiri a zaka za m'ma 40 amangoti "ndayamba kusiya kusamba", n'kukhala. Mukamva kupweteka mbali imodzi ya chinena, mukaona timagazi takuda todontheza, chizungulire, kapena kuwawa pa nsonga ya phewa, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala chimene amachita opaleshoni, ndipo mukafika muwauze anamwino kuti munatseketsa komanso tsiku limene munasamba komaliza.

Mayi uja anachira atapatsidwa magazi. Amene anaumirira kuti apeze galimoto usiku umenewo anali apongozi ake aakazi.