Malangizo: Bokosi Losadzazidwa pa Fomu Potumiza Pempho ku API

Mabwato a usipa akamakocheza m'mamawa pagombe la Bandawe, amene akulemba za nsomba pafoni sakhala ndi nthawi. Ogula ali pomwepo, msodzi wachezera usiku wonse panyanja, ndipo pa mafunso asanu ndi atatu a pafomu ayankhapo atatu okha. Pulogalamu yanu ndiyo inyamule mayankhowo kupita nawo ku seva kudzera pa API. Inu achinyamata amene mukulemba mapulogalamu otere, musalole pulogalamu kupeka yankho limene munthu sananene.

1. Musanalembe code, gawani mabokosi pawiri. Gombe, tsiku ndi mtundu wa nsomba ndi zoti zikhalepo basi. Mtengo, nambala ya foni, mtundu wa ukonde ndi GPS zikhoza kusiyidwa. Mukakakamiza onse, wolembayo adzangoikapo 999 kuti fomu idutse.

2. Ziro ndi yankho, bokosi lopanda kanthu si yankho. Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye mvetsetsani. Mwera ukawomba, bwato likhoza kubwerako lopanda ndi chigoba chimodzi chomwe. Limenelo ndi 0 weniweni, ndipo komiti ya pagombe ndi alangizi a zausodzi akulifuna, chifukwa limathandiza kudziwa ngati nsomba zikuchepa. Koma ngati wolemba anafika nsomba zitagulitsidwa kale, kuchuluka kwake sikukudziwika. Mukalemba `if kuchuluka:` mu Python kapena `if (kuchuluka)` mu JavaScript, ziroyo amatayidwa ngati kuti bokosi silinadzazidwe. Lembani `if kuchuluka is not None:`. Vuto lina ndi losemphana ndi limeneli: mu JavaScript `Number("")` imabweza 0, motero bokosi losiyidwa limasanduka bwato lobwera chimanjamanja. Ngakhale pulogalamu ya DHIS2, yopangidwa ku University of Oslo, imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito, ili ndi posankha ngati ziro asungidwe kapena ayi pa chinthu chilichonse chowerengedwa. Nkhaniyi si yaing'ono.

3. Yambani ndi mabokosi ofunika okha, kenako onjezerani ena limodzilimodzi ngati muli yankho. Chotsani kaye mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu, poti chala chonyowa chimadina mpata mwangozi.

4. Dziwani khalidwe la chida chanu, chifukwa sizifanana. Mu Python, `requests` imasiya yokha chilichonse chimene chili `None` mu `params`, koma mukachiika mu `json` chimapita ngati `null`. Mu JavaScript, `JSON.stringify` imataya `undefined` n'kusunga `null`. `URLSearchParams` ndiye yoopsa: imalemba mawu akuti undefined mu URL, seva n'kumafunafuna ukonde wa dzina limenelo.

5. Musamalumikize URL pamanja. Nambala zathu zimayamba ndi +265, ndipo + wosasinthidwa kukhala %2B ma seva ambiri amamuwerenga ngati mpata. Chizindikiro cha & chimadula mawu pakati. Chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'Chichewa ndi m'Chitonga momwe, chimafuna UTF-8. Zonsezi chida chanu chimakonza chokha mukachipatsa mayankho padera.

6. Pokonza zimene munatumiza kale, samalani koposa. Tinene kuti dzulo munalemba mtengo wa chigoba, lero mukungokonza dzina la gombe kuchoka pa Kande kukhala Bandawe. PUT imalowetsa zatsopano m'malo mwa zonse zakale, choncho mtengo umene simunautumize ukhoza kufufutika. PATCH imakhudza zokhazo zimene mwatchula. Komabe m'ndondomeko ya JSON Merge Patch, RFC 7396 ya 2014, `null` amatanthauza kuti chotsani. Pulogalamu yotumiza `null` pa bokosi lililonse losadzazidwa imafufuta ntchito ya dzulo popanda wodziwa. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kuika batani lakelake lofufutira, kuti `null` azipita pokhapokha munthu wafuna.

7. Ngati seva imadziikira yankho pa bokosi losatumizidwa, werengani malangizo a API mudziwe yankholo. Tsiku lisasiyidwe kwa seva: netiweki ya TNM kapena Airtel ikavuta, fomu ya Lachiwiri imapita Lachinayi.

8. Yesani bokosi lililonse kanayi: lili ndi yankho, lili ndi 0, lopanda kanthu, ndiponso lili ndi mpata wokha. Yang'anani pempho lenileni limene latuluka, osati fomu. Seva ikabweza 400 kapena 422, musataye zimene munthu walemba. Zisungeni m'foni, ndipo mumuuze m'chinenero chimene amamva bokosi limene lavuta, kuti akonze msodzi asanachoke pagombe.