Musapichire fodya kabuku ka wailesi ya agogo

M'nyumba zambiri za ku Dowa ndi ku Ntchisi muli wailesi yakale imene inasiya kulankhula. Ina ili pamwamba pa kabati atayifunditsa kansalu koluka, ina anyamata anaichotsa masipika kalekale n'kuwaika pakamwa pa mtsuko kuti besi izimveka. Makinawo timawasamalako ndithu. Amene sitiwawerengera ndi mapepala amene anabwera nawo: kabuku ka malangizo, kakhadi ka galanti, lisiti la kusitolo, ndi timapepala totsatsira malonda tija tinkakhala ndi zithunzi za masipika ndi mitengo yake. Amenewa ndiwo amayamba kutha. Wina apichira fodya, wina akulungira zitumbuwa, wina akolezera mbaula, otsalawo chiswe chimalizitsa.

Pempho langa ndi loti mapepala amenewa muwafunefune, ndipo mukawapeza muwasunge ngati mmene mumasungira khadi la ubatizo.

Phindu loyamba ndi la lero lomwe. Pa kabuku ka sipika kapena ka ampu pamalembedwa manambala awiri amene mmisiri wa pa Mponela kapena pa Malomo amawafuna asanagwire waya: mphamvu yake m'ma watts, ndi ma ohms. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala a 4 kapena 8 ohms, pomwe zimkuzamawu zambiri zokoleka mumtengo pa msonkhano wa chitsitsimutso zimakhala za 16 ohms. Masipika awiri a 8 ohms mukawalumikiza pamodzi, wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, ampu imawamva ngati 4 ohms. Mukaika anayi, imawamva ngati 2 ohms. Ngati kabuku kanati ampu yanu isatsike kupitirira 4, inu n'kuika anayiwo, imatentha mpaka kupsa, ndipo ndalama za chopereka zimene amayi a chigwirizano anasonkha chaka chonse zimathera pomwepo. Kapepala kamene kanali kumbuyo kwa ampu kamafufutika ndi thukuta ndi fumbi, koma kabuku kosungidwa bwino sikasintha mawu. Timabuku tina takale tili ndi chojambula chosonyeza mmene mawaya ayendera m'kati monse, ndipo mmisiri akachiona sachita kulota. Kumbukirani kuti William Kamkwamba, amene anabadwira ku Dowa n'kukulira ku Wimbe m'boma la Kasungu, anayamba ndi kukonza mawailesi, ndipo makina ake opanga magetsi ndi mphepo anawaganizira ataona zithunzi m'mabuku a mulaibulale yaing'ono ya kwawo.

Phindu lachiwiri ndi mbiri, ndipo apa mpomwe mtima wanga uli. Wailesi imene inayamba kufika m'midzi ya kuno inali ya Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready kuyambira mu 1949, yooneka ngati sefuliya, yogulidwa mapaundi asanu, ndipo anthu ankamverapo siteshoni ya ku Lusaka imene inkaulutsanso m'Chinyanja. Kenaka kunabwera ma Supersonic opangidwa ku Bulawayo, magumbagumba amene azibambo ankabwera nawo pochokera ku Wenela, ndi wailesi yathuyathu ya Nzeru imene ankailumikiza ku Blantyre, MBC itayamba kale kuulutsa mawu mu 1964. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amatolera timabuku ta masipika a Tannoy, Wharfedale ndi JBL, n'kumatijambula kuti aliyense ationere pa intaneti. Za Philips, Sony kapena National Panasonic mungazipeze kumeneko mosavuta. Koma lisiti lolembedwa pamanja m'sitolo ya Mmwenye pa Mponela, kapena kapepala kotsatsa wailesi ya Nzeru, palibe wa ku London amene angatisungire. Ngati kalipo, kali m'bokosi la agogo anu ku Mvera, ku Kongwe kapena ku Nthondo.

Poyambira kufuna ndi pomwepo: pansi pa bokosi lachitsulo la agogo, m'sutikesi yakale, pakati pa masamba a Baibulo, m'kabati ya ku vesitile, m'makatoni a mphunzitsi wopuma ntchito. Pitani mwaulemu. Munthu wamkulu salandidwa chinthu m'manja, ndiye nenani kuti, "Agogo, ndati ndione nawo mapepala a gumbagumba ija, ndingowajambula, ndikubwezerani." Mukapeza m'bokosi lomwelo mapepala a ntchito ya ku migodi, okhala ndi nambala ya mwini wake, muwasamale koposa, chifukwa amene anagwira ntchito ku Joni akhala akufunsidwa umboni wotere polondola ndalama zawo. Amisiri akale okonza mawailesi nawonso amakhala ndi mulu wa timabuku timene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Apempheni, kapena gwirizanani kangachepe.

Pepala likapanda deti, limadziulula lokha. Mtengo ukakhala m'mapaundi ndi mashiling'i, pepalalo ndi la chaka cha 1971 chisanafike, chifukwa m'chaka chimenecho ndi pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwake. Likatchula Nyasaland, ndi la ufulu wa 1964 usanabwere. Likati Federation of Rhodesia and Nyasaland, lili pakati pa 1953 ndi 1963. Adilesi ya Salisbury ndi ya dzinalo lisanasinthe kukhala Harare mu 1982, ndipo mawu oti West Germany ndi a 1990 isanakwane. Lisiti la sitolo ya Mmwenye ya kumudzi kawirikawiri silipitirira zaka za m'ma 1970, pakuti m'zaka zimenezo boma linalamula amalonda a Chimwenye kusamukira m'mizinda ikuluikulu. Zimene mwapezazo lembani pa pepala lina lapadera. Ngati mpofunika kulemba pa lakalelo, lembani kumbuyo, m'munsi, ndi pensulo yofewa. Inki ya bolopeni imalowerera n'kutulukira kuseri.

Tsopano kagwiridwe. Sambani m'manja ndi sopo, muume bwinobwino, osadzola mafuta. Osanyowetsa chala ndi malovu potembenuza masamba. Yalani nsalu yoyera patebulo, tambasulani pepala lililonse pang'onopang'ono. Likakhala louma gwa moti likufuna kuthyoka popindikapo, musalikakamize, lisiyeni mmene lilili. Tizitsulo tomangira masamba tikachita dzimbiri timadya pepala n'kusiya banga lofiira. Tiwongoleni miyendo ndi nsonga ya mpeni kuchokera kuseri, mutichotse, masambawo muwaike m'pepala loyera lopinda pakati kuti asabalalike. Malabala omangira ndalama nawonso achotseni, amasungunuka n'kumatirira.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma n'kuwononga nazo. Choyamba ndi selotepi. Lero imaoneka ngati yagwira, koma pakapita zaka zomatira zake zimasanduka zachikasu, zimalowa m'pepala, pulasitiki n'kugwa yokha, banga n'kutsala mpaka kalekale. Pepala long'ambika ingoliikani pakati pa mapepala awiri oyera, zidutswa zake zili m'malo mwake. Chachiwiri ndi kulamineta. Ndikudziwa kuti pa boma ndi pa Mponela ambiri timathamangira kumeneko ndi masatifiketi, koma pepala lakale likalowa m'makina otentha aja silidzatulukanso m'pulasitikimo popanda kusupuka. Laminetani fotokope, lenilenilo lisiyeni. Malisiti a masiku ano otuluka m'kamakina ndiwo oopsa zedi: akamva kutentha amada bii, akakhalitsa amafufutika okha. Mukagula sipika lero, lisiti lake lichiteni fotokope sabata yomweyo.

Malo osungira ndiwo amafuna kuganizira mofatsa, chifukwa kumapiri kuno chinyezi sichitha msanga. Kuyambira Disembala mpaka Malichi makoma amamwa madzi, ndipo mu Juni ndi Julaye mwera ukamawomba, nkhungu imakuta mapiri a Ntchisi ndi Dowa mpaka dzuwa kukwera. Pepala limayamwa zonsezo. Bokosi lachitsulo lotsekeka bwino ndilo labwino, chifukwa khoswe ndi chiswe sizilibowola. Koma lisakhale pansi, ngakhale pa simenti. Liikeni pa benchi kapena pa thabwa losanjikidwa pa njerwa, ndipo pakati pa bokosi ndi khoma pakhale mpata wolowa dzanja, kuti mzere wa chiswe muuone usanafike. Sankhani khoma la m'kati mwa nyumba, osati loyang'ana kumene mvula imachokera. Pewani kukhitchini chifukwa cha utsi, pewani kudenga pansi pa malata chifukwa masana kumatentha ndipo usiku malata amadontha mame. Chipinda chimene mumaunjikamo matumba a chimanga, feteleza kapena fodya woyembekeza kudinda sichiyenera konse: chakudya chimaitana makoswe ndi mphemvu, ndipo fodya amafuna chinyezi chimene pepala limadana nacho.

M'bokosimo mapepala agone chogona, osapinda, aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Za makina amodzi zikhale mu envulopu imodzi yaikulu, dzina la makinawo mutalemba kunja musanaikemo kanthu. Pakati pa timabuku tonyezimira ikani pepala loyera la fotokope kuti tisamatirirane. Musakulunge ndi nyuzipepala, chifukwa imafiira msanga n'kupatsira kufiirako chilichonse chogundana nayo. Ngati chotsatsa malondacho munachidula m'nyuzipepala, chikhale m'envulopu yakeyake, ndipo podula muzisiya mzere wa pamwamba wosonyeza dzina la nyuzi ndi tsiku. Jumbo ndi yonyenga: imatchinga madzi a kunja, koma mukatsekeramo pepala la chinyezi, chuku chimamera momwemo. Ngati denga lanu limadontha ndipo simungachitire mwina, funditsani pulasitiki pamwamba pa bokosi, osati kukulunga mapepalawo. Timatumba ta timibulu toyera topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano timayamwa chinyezi, ndiye musatitaye, koma tiziumitsidwa padzuwa nthawi ndi nthawi, ndipo ana asatifikire. Mpunga wouma, umene ena amaikamo, umangoitana anankafumbwe.

Mankhwala ophera tizilombo musawapopere pa pepala, kaya ndi a udzudzu, kaya ndi a ufa othira m'chimanga. Amadetsa, ndipo mudzawagwira ndi manja mawa. Mankhwala enieni ndi maso anu. Tsegulani bokosi kamodzi pamwezi m'nyengo ya dzinja, mununkhize, muyang'ane m'makona ngati muli timabi ta mphemvu kapena tizilombo totuwa tothamanga tija timakonda mabuku. Mu Seputembala kapena Okutobala, kunja kutauma, tulutsani zonse muziyale pamthunzi pakhonde kwa maola ochepa, mutapsinja m'mbali kuti mphepo isaulutse, bokosilo mulipukute n'kuliyanika lokha padzuwa. Mapepalawo dzuwa lisawaone, limafufuta mitundu ndi kuumitsa pepala mpaka kumafumfutuka. Ndipo chonde musabise kabuku m'kati mwa bokosi la sipika poganiza kuti sikasochera. M'menemo ndi mofunda ndi mwamdima, momwe mphemvu zimaswanirana. Makaseti nawonso akhale kutali ndi masipika, chifukwa maginito ake amawononga mawu a pa tepi.

Tsoka likagwa, madzi n'kulowa m'bokosi, musadikire mawa. Chuku chimayamba m'masiku awiri okha. Masamba onyezimira alekanitseni akadali onyowa, chifukwa akaumira pamodzi amagwirana moti simudzawatsegulanso. Ayaleni limodzilimodzi pa nsalu youma m'chipinda mopita mphepo, muzisintha nsaluyo ikanyowa. Osasita, osayandikiza ku moto. Akatsala pang'ono kuuma, aikeni pakati pa mapepala oyera, mupsinje ndi thabwa kuti awongoke. Chuku chikakhala kuti chagwira kale, dikirani chiume, mutuluke nazo panja, mumange nsalu kumphuno, muchikunthe ndi kabulashi kofewa kapena nthenga ya nkhuku. Wodwala mphumu asagwire ntchito imeneyi. Mapepala otere akhale paokha kwa miyezi ingapo musanawabwezere kwa anzawo.

Foni ikuthandizeni. Jambulani tsamba lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo, pamthunzi wowala, foni itayang'ana pepala molunjika, osayatsa fulashi. Jambulaninso makinawo ndi nambala yake ya kumbuyo. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati dokumenti, chifukwa njira ya masiku onse imachepetsa chithunzi mpaka timalemba ting'onoting'ono osawerengeka. Zithunzizo zikhale malo awiri, kwa inu ndi kwa m'bale wa kutauni. Foni imabedwa, memori khadi imafa, ndiye chithunzi sichikupatsani chilolezo chotaya pepala.

Chotsala ndi chimene palibe sitolo inasindikiza. Khalani pansi ndi mwini wailesiyo akadali moyo, kope ndi pensulo m'manja. Anagula kuti, chaka chanji, ndi ndalama za fodya kapena za mtedza, anabwera nayo pa basi kapena pamutu, inalira pa ukwati wa yani. Tsamba limenelo lilowe mu envulopu yomweyo. Mukaona kuti kunyumba simungathe kusunga, funsani ku National Archives of Malawi ku Zomba kapena ku nyumba yosungira zakale ya Chichiri ku Blantyre ngati angalandire, musanaganize zogulitsa kwa munthu wongodutsa.

Ndimalize ndi inu atsibweni ndi eni mbumba amene mumakhala pa mkeka pogawa katundu wa masiye. Kawirikawiri wailesi imapita kwa uyu, masipika kwa uyo, bokosi la mapepala n'kukhuthulidwa kudzala tsiku losesa. Musanagawe, tumani mwana mmodzi wodziwa kuwerenga asanthule mapepalawo, ndipo amene watenga wailesi atengenso envulopu yake.